Mafunso Amene Analemba Yekha

Pulofesa anakhala pampando wa m'mbali, wa operekeza odwala, atakumbatira chikwama chake. Pakhoma la chipinda cha dokotala panamatidwa chipepala cha mafunso oyezera kuiwalaiwala kwa anthu odwala shuga. Mafunsowo anawalemba ndi iyeyo, atatha zaka zambiri akufufuza mmene shuga amadyera ubongo pang'onopang'ono, ndipo tsopano zipatala zambiri zinkayendera omwewo.

Tsikuli anabwera ndi amuna ake. Sabata yapitayo bambowo anadzibaya jakisoni wa shuga kawiri m'mawa umodzi, ataiwala kuti abaya kale, ndipo iye anawapeza atagwa m'bafa, thukuta lili kamukamu. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti dokotala awatumize kukaunikidwa ubongo.

"Bambo, nditchula mawu asanu, muwasunge m'mutu," anatero dokotala. "Ndowa..."

"Belu, mtambo, singano, galu," anamalizitsa amuna ake akumwetulira. "Kenako mundiuza ndijambule wotchi. Patseni pensulo."

Ambuye, ndigwireni pakamwa, anapemphera Pulofesa chamumtima.

Akanalephera bwanji? Pamene ankakonza mafunsowo ankawayeserera pa amuna akewa patebulo lodyera, mpaka ana ankawaimba potsuka mbale. Zakale zimakanirira m'mutu. Zimene zimayamba kuthawa ndi za m'mawa uno.

Wotchi inajambulidwa yokongola, yokhala ndi lamba yemwe. Dokotala anachonga, n'kuchonganso.

"Akhoza zonse, mayi. Ubongo wawo ukuposa wanga."

"Adokotala, mafunsowa amawadziwa kale."

"Mayi, achibale nkhawa imakuchulukirani. Njira imeneyi inakonzedwa ndi katswiri wamkulu, si yongopeka. Iye amati wokhoza zonse asatumizidwe ku makina, chifukwa kumeneko mzere ndi wautali."

"Ndikudziwa zimene amanena."

"Mwawerenga pafoni eti? Zapafonitu zimadwalitsa anthu abwinobwino."

Amuna ake anaseka mpaka kutsokomola. "Auzeni, mayi a ana. Mwayamba liti manyazi?"

Pulofesa sankakonda kudzitchula. Ngakhale kutchalitchi ankangomudziwa ngati mayi wokonza maluwa. Anapumira m'mwamba.

"Katswiri wanuyo ndine."

Dokotala anayang'ana dzina pachipepala chija, n'kuyang'ana pafayilo ya wodwala. Anadzambatuka, mpando n'kugunda khoma.

"Pulofesa! Inetu mayeso anga omaliza ndinalemba za kafukufuku wanu! Anzanga sakakhulupirira. Tingajambulitse?"

"Khalani pansi. Ndabwera ndi wodwala."

"Pepani, pepani." Anakhala, koma nkhope ikuwalabe. "Komatu inu nomwe munapeza kuti mwa anthu okhoza zonse, pafupifupi onse ubongo umakhala uli bwino. Ndikawatumiza akandifunsa chifukwa. Ndikati chiyani, kuti mafunso a Pulofesa alakwa?"

"Mukati Pulofesa sanaganizepo za munthu amene wakhala akumva mafunsowa m'nyumba mwake kwa theka la moyo wake!"

Mawu anakwera kuposa mmene ankafunira. Pakhonde panja anthu anasiya kulankhula. Amuna ake anali atasiya kuseka, akuzunguza pensulo m'zala, ndipo Pulofesa anadzimvera chisoni kuti wawanena ngati palibe.

Iwo anaika pensulo patebulo bwinobwino, n'kusanjika dzanja lawo padzanja lake.

"Adokotala, musandivutitsire mkazi wanga. Zapakhomazo ndimazikhoza kuti asangalale. Ndifunseni zimene iyeyu sanalembe."

Dokotala anatembenuza fayilo chafufumimba, n'kukokera mpando wake pafupi. Mawu ake anatsika.

"Chabwino, bambo. Mwabwera bwanji kuno lero?"

Amuna ake anatsegula pakamwa. Anayang'ana pawindo, kenako nsapato zawo, ngati yankho lamatirira kumeneko. Anali atabwera pagalimoto ya mwana wawo wamkazi, amene anawasiya pageti n'kuwapsompsona pachipumi. Yankholo linafika pamilomo ya Pulofesa, koma analimeza.

"Tabwera bwino," anatero iwo potsiriza. "Sichoncho, mayi a ana?"

"Tabwera bwino, bambo."

Dokotala sanafunsenso china. Anathira madzi m'kapu n'kuwapatsa ndi manja awiri, kenako ananyamula foni ya patebulo n'kuimbira kuchipinda chounikira ubongo. Atamufunsa chifukwa, anangoti wodwalayo wamuona yekha ndi maso ake, ampezere malo msanga.