Timadontho Titatu pa Khosi la Anisa

Anisa atatsika sitima pa Entre Lagos pobwerera kuchokera kuchipatala ku Maputo, Husseini, bwenzi lake lomutomera, sanayang'ane nkhope yake. Maso anathamangira pakhosi, pamene kapulana, nsalu imene anafunda, inatsetsereka. Khungu linali litada bii, ngodya zinayi ngati chitseko, ndipo m'mbali mwake munali timadontho titatu tobiriwira.

Mawa lake mwamuna uja anaitanitsa amalume ake a Anisa, a Ibrahimo, kuti awauze kuti ukwati uyambe waima. Husseini anabwera kwa Anisa atadzithira perefyumu wokwanira mudzi wonse.

"Amalume, izi ndi mphini," anatero Husseini, akuloza ndi kiyi wa njinga yamoto. "Ndimazidziwa ine. Wina ku Maputo wamutemera mankhwala achikondi. Chipatala chanji cholemba munthu pakhosi?"

Katswiri wathuyu anali asanapitirirepo tauni yapafupi ya Cuamba chibadwire.

"Mphwanga, yankha," anatero a Ibrahimo.

Anisa anayankhula pang'onopang'ono. Timadonthoto anamulemba kuchipatala kuti makina owotcha khansa azilunjika pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Cheza cha makinawo chimafika chofooka pakhungu, mphamvu zake n'kukula chikalowa mkati pang'ono. Koma chotupa chake chinali pafupi ndi khungu, choncho ankamuyala kansalu kofewa ngati labala kuti mphamvuzo ziyambire pamwamba pomwe.

"Ndiye amadziwa bwanji kuti sanapyoze muyeso?" anafunsa amalume.

"Dona Conceição, mayi woyeza cheza, ankandimata tizidutswa tonga mamba a chambo. Akatichotsa ankatiika m'makina ena, n'kuona kuti khungu lalandira zochuluka bwanji. Kudaku ankakuyembekezera."

"Conceição!" Husseini anaseka. "Kapena ndi Conceição wandevu?"

Anisa anamuyang'ana. Uyu ndiye munthu amene ankamulota atagona pansi pa makina aja, osaloledwa kugwedezeka ngakhale kumeza malovu. M'malotomo Husseini ankamupsompsona pa chipsera chomwecho.

"Chabwino, achimwene," anatero. "Mphini zimatupa, chala chimazimva. Bwerani mukhudze. Mukapeza mphini, ndivomera mlandu."

Anatsitsa kapulana n'kupendeketsa khosi. A Ibrahimo anagwedeza mutu kuti zili bwino.

Husseini anatambasula dzanja. Chala chinafika pafupi, pafupi ndithu, kenako chinaima m'malere.

"Kodi... moto wa makinawo sumatsalira m'thupi? Sungandilowe?"

"Sutsalira."

"Iwe ukudziwa bwanji?"

Dzanja linabwerera m'thumba, ndipo mwini wake anasendeza mpando kumbuyo, mwakachetechete ngati kuti palibe akumuona.

Anisa anakweza kapulana yake n'kuimanga bwinobwino.

"Amalume, musavutike kuweruza. Ukwatiwo ndauthetsa ine."

"Iwe Anisa, sindinanene kuti ndakukana! Ndimangofuna tidikire kaye khungulo liyere."

"Dikirani kwanu," anatero Anisa, n'kunyamula mpando umene anali atabwereka kwa anansi chifukwa cha mlendoyo. Husseini anachita kudzuka msangamsanga kuti asagwe.