Chala cha a Profesa

Mng'ono wanga timamutchula kuti Mafunso. Dzinali anam'patsa ndi malemu bambo athu, chifukwa ali mwana sankalola kanthu kudutsa osafunsa: magazi amafiiriranji, chilonda chimadziwa bwanji kuti chapola, mankhwala a mutu salowerera bwanji kumwendo. Bambo akatopa ankangoti, "Safunsa anadya phula, inde, koma iwe mwana wanga wanyanya." Ine ndinakula n'kutsegula saluni. Iye anakula n'kupita ku yunivesite, ndipo atamaliza anapeza ntchito mu labotale ya chipatala, yoyeza magazi a odwala.

Chaka chimenecho anaganiza zobwerera kusukulu kukachita digiri yachiwiri, ya kafukufuku wa matenda m'thupi la munthu. Masana ena anabwera ku saluni ndi laputopu yake, n'kukhala pampando wa makasitomala ngati nayenso akudikira kulukidwa, n'kuyamba kundiwerengera zimene sukuluyo inkafuna. Ankafuna magiredi onse a digiri yoyamba. Ankafuna mayeso a Chingelezi, ngati kuti zaka zonsezi mwanayu ankaphunzira m'chinenero cha mbalame. Ankafunanso kuti alembe chimene akufuna kukafufuza ndi chifukwa chake, kenako makalata atatu a anthu omuchitira umboni.

"Chithunzi cha agogo ako sakuchifuna?" ndinafunsa, chipeso chili pakamwa.

Sanaseke. Ndipamene ndinadziwa kuti pali china.

"Makalata awiri ndapeza kale, asisi. Yachitatuyo akuti ichokere kwa munthu amene anayang'anira kafukufuku wanga. Alembe yekha, asaine, atumize yekha. Ine sindiyenera kuiona n'komwe."

"Ndiye vuto lili pati? Si a Profesa ako aja unkatigonthetsa nawo m'khutu?"

"Anadwala sitiroko. Dzanja lamanja siligwira, kulankhulanso n'kovuta."

Anandiuzanso kuti thandizo la maphunziro limene ankalidalira linali ndi malire a zaka, ndipo chaka chimenecho chinali chake chomaliza. Kalata ija ikapanda kufika tsiku lotsekera lisanakwane, basi, khomo latsekeka.

Ine mutu wanga umayenda njira zachidule. Ndinamuuza kuti alembe yekha kalatayo, adziyamikire mmene angathere, akuluwo akangokhwatchapo ndi dzanja lamanzere. Nanga abwana ake a kuchipatala sanachite zomwezo? Iwo anangoti lemba wekha ndidzasaina.

"A Profesa sasaina chinthu chimene sanachite okha," anatero Mafunso. "Mu labotale, ukawabweretsera zotsatira, ankayamba akhala pansi n'kuyang'ana okha pa maikulosikopu. Ukawauza kuti ndaona kale, ankati maso akowo si anga."

Iye anali atalembera kale akusukulu kuwafotokozera za matendawo. Anamuyankha mwaulemu kuti ngati wochitira umboniyo sangathe kusaina, atha kudinda chala pamaso pa loya. Ine ndinaona kuti nkhani yatha. Lamlungu masana ndinamuperekeza kunyumba kwa a Profesa.

Anatitsegulira ndi akazi awo, mayi wamtali wa maso otopa, duku lili kumutu. Bedi la a Profesa anali atalisamutsira m'chipinda chowerengera, pakati pa mashelefu a mabuku, ndipo m'chipindamo munkanunkhira mafuta othowera. Kuseri kwa chitseko kunali chikuku chatsopano choyendera odwala, chopindapinda, matayala ake ali mbee. Mayi aja anatinong'oneza pakhonde kuti chibwerereni kuchipatala akuluwo sanatulukepo pageti, ndipo anzawo a kuntchito akabwera amawabweza.

Ife sanatibweze. A Profesa anali pampando pafupi ndi windo, munthu wamkulu thupi, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Ataona Mafunso, diso lawo linawala. Mng'ono wanga anagwada pambali pa mpando n'kufotokoza zonse mwapang'onopang'ono, mpaka pa nkhani ya chala. A Profesa anayang'ana dzanja lawo lamanja limene linali gone pamwendo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Chala," anatero movutikira. "Ayi."

"Mayi atha kukugwirani dzanja, bambo, n'kungodinda," ndinalowererapo ine.

"Ayi."

Ndinatsegula pakamwa, koma Mafunso anandiponda phazi. Tinatsanzika bwinobwino, ndipo titangotuluka pageti ndinamasula zonse zimene ndinameza.

"Kunyada kwanji kumeneku? Amayi athu adinda chala moyo wawo wonse, kubanki, kuchipatala, ngakhale tsiku lokulembetsa iwe sukulu. Anachepa nazo? Munthu wamugwirira ntchito usana ndi usiku, lero akukukaniza kadontho ka inki?"

"Asisi, inu simunawaone kale," anayankha motsitsa mawu. "Dzanja lija silinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Sindiwapemphanso."

Mumtima ndinati mwana uyu ndi wopusa. Ndinamumvera chisoni, komanso anandikwiyitsa.

Lamlungu lotsatira anandiimbira kuti akupitanso. Ndinaganiza kuti nzeru zabwerera, koma ayi. M'chikwama mwake munali paipeti yakale, kachipangizo kamene a mu labotale amatungira timadontho, kooneka ngati cholembera chonenepa chokhala ndi batani pamwamba loti uzidina ndi chala chachikulu. Anati anamva kwa anzake a mafizo, aja othandiza odwala kulimbitsa ziwalo, kuti chala chofooka chimafuna ntchito imene chinazolowera. Ine ndinapita nawo pa chifukwa changa. Duku la mayi aja linkandisowetsa mtendere, chifukwa ndinaona tsitsi limene linkasuzumira pansi pake, ndipo munthu wa ntchito yanga sangaone zoterozo n'kugona tulo.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse linali lotero. Ine pakhonde ndi mutu wa mayi aja pakati pa mawondo, Mafunso m'chipinda chowerengera ndi makapu awiri, ina ya madzi, ina yopanda kanthu. Windo linkakhala lotsegula, ndiye ndinkamva zonse. Ankawaikira paipeti m'dzanja, n'kupinda zala zawo ndi zake, n'kuika chala chachikulu pabatani. Masiku oyamba ankadina ndi iyeyo. Kenako chala chija chinayamba kugwedera chokha, koma chikati chidine chinkaterereka, madzi n'kutayikira pathalauza.

"Chala chanucho chikuthamangira kuti?" anatero Mafunso tsiku lina.

M'chipindamo munamveka phokoso lachilendo, ndipo mayi aja anadzidzimuka mpaka chingwe cha tsitsi chinandipulumuka. A Profesa ankaseka. Pobwerera Mafunso anandiuza kuti mawu amenewo ndi amene akuluwo ankamukalipira nawo chaka chake choyamba mu labotale.

Za kalata sanatchulenso. Ine ndinkamukodola, kumutsinzinira, kumutsina m'minibasi, koma iye ngati sakumva.

Tsiku lina m'kati mwa sabata ndinapita ndekha kukamalizitsa mutu umene unatsalira. Ndili m'kati moluka ndinamva kaphokoso kuchokera m'chipinda chija: tha, kenako zii, kenako tha, ngati nkhuku yokhuta ikutola chimanga.

"N'chiyani chimenecho, mayi?"

"Amangodzitangwanitsa pa kompyuta ndi dzanja lamanzerelo," anatero, n'kutembenuzira mutu kumbali. Ndinaubweza mutuwo pamalo pake n'kupitiriza kuluka. Mumtima ndinati mphamvu zoseweretsa kompyuta zilipo, koma zothandiza mwana wa eni palibe.

Tsiku lotsekera linali Lachisanu. M'mawa mwake Mafunso anatumiza zonse zimene anali nazo. Patsamba la sukuluyo pankaoneka kuti makalata awiri afika, pamene pa yachitatu panali pambalambanda. Anatseka laputopu n'kunena kuti sayang'ananso. Poweruka anabwera ku saluni, n'kukhala pasinki. Ndinatulutsa atsikana anga a ntchito, ndinatseka chitseko, n'kuyamba kumutsuka m'mutu ngati mmene ndinkachitira ali wamng'ono. Madzi ankayenderera m'makutu, misozinso inkayenderera momwemo, ndipo tonse tinachita ngati ndi sopo.

"Ntchito ndili nayo, asisi," anatero. "Si kuti ndafa."

"Khala chete, ungamwe thovu."

Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo. Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana, ndipo ndinkadziwa kuti mafunso ake onse aja ankayembekezera sukulu imeneyi.

Lamlungu ndinanenetsa kuti ine kumeneko sindipondako. Iye anangoti chabwino, n'kuika paipeti m'chikwama. Anafika pasiteji n'kundipeza ndili kumbuyo kwake. Ndikanamusiya bwanji yekha?

Titalowa m'nyumba muja, chinthu choyamba chimene ndinaona chinali chikuku. Sichinali kuseri kwa chitseko. Chinali pabalaza, chotambasula, matayala ali fumbi lokhalokha, ndipo pa limodzi panamatirira kapepala ka switi. Mayi aja anandiyang'ana n'kuthawitsa maso. Tsiku limenelo sindinakhale pakhonde, ndinatsatira Mafunso mpaka pakhomo la chipinda chowerengera.

A Profesa anali pamalo pawo, atavala shati yoyera yositasita. Mafunso anawapatsa moni mwansangala ngati kuti Lachisanu kunalibe. Anathira madzi m'kapu, anagwada, n'kutenga dzanja lawo lamanja kuti aikemo paipeti. Kenako anangoti kakasi.

Chala chachikulu chinali cha buluu. Inki inali italowa m'mizere yonse ya khungu ndi m'mbali mwa chikhadabo.

Mayi aja anabwera kudzaima pambali panga.

"Kalatayo analemba okha, mwanangu," anatero. "Ndi chala chimodzi cha kumanzere, kuyambira tsiku lomwe unabwera koyamba lija. Ndikati ndiwathandize, ankandithamangitsa. Anandiletsanso kukuuza, poopa kukulonjeza chinthu chimene mwina sakanatha. Lachisanu m'mawa anangoti nditulutse chikuku."

Anafotokoza kuti ofesi ya loyayo inali m'mwamba, kokwera masitepe, choncho loyayo anachita kutsika n'kuika mapepala pa boneti ya galimoto, m'mbali mwa msewu, anthu akudutsa, ena akuima kuti aonerere. Mmodzi mwa oimawo anali wophunzira wawo wakale. A Profesa anamuona, koma sanabise nkhope. Loya anati chala cha kumanzere chikwanira, akuluwo anakana. Mayi aja anati awagwire dzanja, anakananso. Analikweza okha, likunjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kudinda. Atabwerera kunyumba, kalatayo inatumizidwa dzuwa lisanapendeke.

Ndipamene ndinamvetsa "ayi" uja. Tsiku loyamba lija chala chinali chakufa. Akanati wina awanyamulire dzanja n'kulikanikiza papepala, wodindayo akanakhala winayo, osati iwo.

Mafunso anali akadagwirabe dzanja lija ndi manja ake onse awiri. Koma khalidwe silitha, funso linatuluka ndithu.

"Munalembamo chiyani, a Profesa?"

Akuluwo anapukusa mutu, mbali yamoyo ya pakamwa pawo ikumwetulira. "Lamulo," anatero. "Suona."

Tonse tinaseka, kuseka kwa anthu amene akuopa kulira.

"Inkiyo ndayesa kuti ndiwatsuke," anatero mayi aja. "Lachisanu anakana, dzulo anakana. Posamba amachita kukweza dzanjalo m'mwamba ngati mwana wa sukulu. Akuti mpaka mwini wake aione."

A Profesa anasuntha chala chija pang'onopang'ono, chokha, n'kuchikanikiza pachikhatho cha mng'ono wanga. Inki inali itauma kale, sinasiye chizindikiro chilichonse. Koma Mafunso anafumbata dzanja lakelo n'kuliika pachifuwa, ndipo analira mokweza ngati mwana.

Ine ndinati ndaiwala chipeso pakhonde, n'kutuluka.