Chisoti Chachitsulo pa Msewu wa Queen

Ndiye kuti zonse zija, mayeso a fomu folo, mapemphero a pabwalo la ndege, jekete lobwereka kwa amalume, mathero ake ndi awa: kuima pakhomo pa sitolo kuyambira m'mawa, mutu uli m'chisoti chachitsulo chonunkha thukuta la munthu wina, lupanga lobuntha kudzanja lamanzere, timapepala toitanira anthu kudzanja lamanja. Medson anali atatiloweza timapepalato — malupanga, zishango, mikanjo ya mafumu akalekale a ku Ulaya, lowani mudzaone — koma anthu ankangomulambalala ngati chitsa, ndipo oima anali anyamata atsitsi lalitali a ku yunivesite okha, okonda nthano za zinjoka zolavula moto, amene ankagogoda chisoticho ndi chala kuti amve ngati muli munthu.

"Usalankhule, usavule chisoti," anatero Tobias, mwini sitolo, pomuveka. "Msilikali sawerama. Dzanja limodzi, basi."

Dzanja limodzi. Zimenezo sizinali zovuta. Chovuta chinali chakuti bambo ake, mkulu wa mpingo ku Nkhoma, anamukwapulapo ndi nthambi ya pichesi chifukwa chongosuzumira gule ali kuseri kwa nkhokwe, kusuzumira chabe, ndipo lero mwana yemweyo wabisa nkhope pakati pa msewu, ana akumuloza, agalu akumuuwa — kodi chilombo chimasiyana pati ndi ichi? M'kalata yopita kwa makolo ake analemba kuti amagwira ntchito kumalo osungirako zinthu za mbiri yakale. Silinali bodza kwenikweni, ayi, linali bodza, bodza la munthu wamantha amene amasankha mawu ngati akusankha nyemba.

Kasitima ka mumsewu kanaima, ndipo pa kampata kopenyera ka chisoticho Medson anaona chikhoti chobiriwira chimene ankachidziwa. Mayi Vainess, namwino wa kuchipatala chachikulu, amene amakhala kutsogolo kwake m'tchalitchi, amene amalemberana ndi mayi ake mwezi ndi mwezi osasiyako kanthu. Akangomuzindikira, pakutha milungu itatu nkhaniyo ikhala itafika ku Nkhoma.

Koma angamuzindikire bwanji? Nkhope yabisika, manja ali m'magolovesi, ngakhale khungu silikuoneka. Angotambasula dzanja limodzi monga wachitira kwa azungu mazana, iwo alandira kapena akana, adutsa. Anadziuza zimenezo kawiri, katatu, mayiwo akuyandikira ndi kachikwama kawo, imvi zikuonekera m'mphepete mwa duku, ndipo anali akudziuzabe pamene anamva lupanga likulira pa simenti. Dzanja lamanzere linali litalitaya lokha n'kukagwira pamkono wamanja, mawondo anali atapindika pang'ono, monga anaphunzitsidwira asanadziwe n'kuwerenga komwe.

Mayi Vainess nawo analandira ndi manja awiri.

"Zikomo," anatero, kenaka anaima. Sanayang'ane pepalalo. Anayang'ana dzanja lija lili pamkono, n'kukweza maso pang'onopang'ono mpaka pa kampata ka chisoti.

"Kodi ndinu mwana wa yani, bambo?"

Kuyankha n'kudziulula, kukhala chete n'kunyoza munthu wamkulu, ndipo kumbuyo kwake, pa galasi la sitolo, Tobias anali akugogoda kuti atole lupangalo. Kapepala kanali kadakali pakati pawo, palibe amene anakasiya, ndipo m'chisotimo Medson ankangomva mpweya wake womwe ukugunda chitsulo n'kumubwerera kumaso, wotentha ngati wa munthu wina.