Kiyi wa Mjigo

"Funso lachitatu," anatero Priscilla Kamwendo akuloza pabolodi. "Kodi Nambewe anamupatsa chiyani mlendo uja?"

"Anamupatsa madzi!" ana onse a Sitandade 5 anayankha pamodzi.

Kumbuyo kwa kalasi, a Nkhoma, mlangizi wa sukulu za m'deralo, analemba kenakake pafomu yawo. Chinali chaka chachitatu Priscilla akupempha kuti amusamutsire kusukulu ya kufupi ndi Mua, kumene amayi ake ankakhala okha, miyendo itatupa. Kalata ya chaka chino inkadikira ndemanga ya bambo amenewa. N'chifukwa chake sabata yonse yapitayo analowezetsa ana nkhani ya Nambeweyi, mafunso ndi mayankho omwe. Mabuku analipo asanu ndi limodzi okha, ndiye m'mawa uliwonse ankaikopera pabolodi mpaka phewa kuwawa.

"Odi kuno."

Pakhomo panaima mayi wina, mtolo pamutu, chikwakwa m'manja, mwana kumsana. Juzi limene anavala kutentha konseko linkachita kunena lokha kuti ndi wa kumapiri, mmodzi mwa anthu otsika kudzagwira ganyu yodula mpunga ku Bwanje. Ana anayamba kusekera m'manja.

"Pepani madamu. Mjigo wanuwu ndaupeza wokhoma. Mwanayu sanamwe kanthu chitsikireni minibasi pa Golomoti."

Komiti ya sukulu inkakhoma mjigo nthawi ya maphunziro chifukwa anthu odutsa anauthyolapo kawiri, ndipo wotsegula ankayenera kukhala mphunzitsi, osati mwana. Sabata imeneyo kiyi anali m'thumba mwa Priscilla. Anayang'ana nthawi pafoni. Kunatsala mphindi khumi ndi mafunso awiri.

"Dikirani belu, mayi. Tili m'kalasi."

Mayiyo anagwada pang'ono n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu.

Funso lachinayi linayenda bwino. Priscilla atawerenga lachisanu, lakuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani, a Nkhoma anakweza cholembera.

"Madamu, kwaya yanu ndaimva, imaimba bwino. Tsopano ndimveko wa mawu amodzi. Uyo wapakonayo."

Wapakonayo anali Loyce, amene sabata yonse yapitayo anali kumunda kuingitsa mbalame mumpunga wa makolo ake. Nkhaniyi anali kuiona koyamba.

Loyce anaimirira. Anayamba kuwerenga pabolodi kuchokera pamwamba penipeni, milomo ikugwedera, chala chikuyenda m'malere. Mnzake anamunong'oneza mokweza: "Tizikonda alendo, iwe." Loyce sanatembenuke.

"Nambewe anali ndi ntchito," anatero potsiriza. "Amapeta mapira. Koma anasiya lichero. Sanamuuze mlendo kuti adikire."

Anayang'ana pawindo, kenako anayang'ana aphunzitsi ake. Pankhope pake panalibe mwano, ankangofuna kumvetsa.

"Madamu, kapena kwa a Nambewe kunalibe kiyi?"

Priscilla anatembenukira kubolodi. Chiganizocho chinali pomwepo, m'zilembo zake zomwe: Nambewe anasiya lichero pansi n'kuthamangira kumtsuko. Anachikopera kasanu. Panalibe funso limene linkafunsa za chiganizo chimenecho, ndiye sanaimepo ngakhale tsiku limodzi.

Anaika choko patebulo. "A Nkhoma, mundikhululukire."

Pansi pa nimu panalibe munthu. Mayi uja anali atayamba kale kutsata msewu wafumbi wa ku Bwanje, ndipo Priscilla anachita kumuthamangira, nsapato zikumuvuka.

"Mayi, bwererani. Ndakuchedwetsani."

"Ayi madamu, nafe tikudziwa, ntchito ya eni."

Loko anali wadzimbiri, anavuta kutseguka. Priscilla anapopa yekha. Mwanayo anamwa m'manja mwa amake mpaka kutsamwa, mayiyo anamusukusula kumaso, n'kudzaza kachigubu kake. Belu linalira akupopabe.

Pobwerera anapeza a Nkhoma akumangirira chikwama panjinga yawo yamoto.

"Phunziro simunalimalize, madamu. Ana sanalembe kanthu, ndipo mwawasiya okha. Fomuyi ili ndi mabokosi ake. Sindingachonge zimene sindinaone."

"Nanga kalata yanga ija?"

"Ndidzabweranso teremu yamawa." Anavala chipewa chawo cholimba, kenako anachikwezanso pang'ono. "Koma mwana mmodzi m'kalasi mwanu amawerenga. Yemwe uja simunamuphunzitse sabata yathayu."

Njinga inalira n'kusiya fumbi. Priscilla anaima padzuwa, kiyi ali m'manja, akuganiza mawu amene akawauze amayi ake Loweruka. Anali atawalonjeza kuti dzinja likubwerali adzalima limodzi.

Analowa m'kalasi. Ana anali akuponyerana mapepala, ndipo atamuona anathamangira m'malo mwawo. Iye anatenga chofufutira, n'kufufuta mafunso onse asanu. Nkhani yokha anaisiya.

"Tiyambirenso," anatero ndi mawu otopa. "Chiganizo chimodzi, munthu mmodzi. Akatha andiuze zimene waona. Loyce, khala pansi, iwe wawerenga kale. Iwe Onani, yamba. Enanu musaimbe."