Zala za Malemu mu Kompyuta

Tsiku limenelo kunawomba mphepo ya fumbi kuyambira m'mawa. Mmisiri wa matabwa atalowa m'chipinda cha malemu mkazi wake, anapeza kiyibodi yoimbira nyimbo ili mbuu.

Kiyibodiyo payokha sinkalira. Inali ndi chingwe chopita ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndiyo inkasunga zonse zimene zala zachita: pamene zakanikiza kwambiri, pamene zachedwa, ngakhale pamene zaphonya. Nyimbo yomaliza imene mayiyo anaimba asanadwale inali mmenemo, kwina kulikonse kunalibe. Mlamu wake, mchimwene wa malemu, anaitsegula m'mawawo kuti aikonze, kenako anatuluka kupita m'tauni.

Mmisiri anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta. Masipika anabangula. Kabatani kena kanayaka psuu. Atayang'ana pa kompyuta anaona mzere ukuyenda pang'onopang'ono, ukudya timizere ta nyimbo ya mkazi wake, m'mbuyo mwake ukusiya zigamba za kansalu kaja.

Foni inamupulumuka kawiri asanaimbire mlamu wake.

"Alamu, chafiira."

"Chafiira n'chiyani? Diso lanu?"

"Kiyibodi. Ndimapukuta."

Mlamu anasiya kuseka.

"Mwadina lojambulira! Mukujambula pamwamba pa achemwali. Dinani batani la makona anayi pambali pakepo, msanga!"

Anadina. Mzere unaima. Theka la nyimbo linali litapita.

"Ndawafufuta," anatero mmisiri. Mawu ake anamveka ngati a munthu wina.

"Simunafufute, bola musadine zina. Chinthucho chimabweza. Pitani pa mabatani a kompyuta. Kanikizani lakumapeto kwenikweni, pansi kumanzere, osalisiya, kenako mugunde Z kamodzi."

Mmisiri anayang'ana zala zake. Zinali zikuluzikulu, zolimba ngati mizu. Chala chimodzi chikanaphimba mabatani awiri.

"Sindigwira. Bwerani."

"Ndili kutali, alamu. Ndipo magetsi akathima ndi mphepoyi sindikudziwa chomwe tidzapeze. Mumakhoma misomali osayang'ana, lero mukuopa kabatani? Ngakhale nkhuku ingajomphe."

"Ndikaphonya?"

"Musaphonye."

Anaika foni patebulo. Anachotsa pensulo kukhutu, natenga ina m'thumba la malaya. Nyale yapadenga inaphethira. Ndi pensulo imodzi anakanikiza batani lakumanzere, ndi inayo anagunda Z.

Zigamba zija zinasowa. Timizere tinabwerera, ndondondo mpaka kumapeto.

"Zabwera," anauza foni.

"Zonse? Tayiimbani timve. Dinani lobiriwiralo."

"Ayi."

"Alamu, ndi kamodzi kokha."

"Mudzadina nokha."

Anadula foni. Anatuluka chobwerera m'mbuyo, manja ali kumsana kuti asakhudze kanthu, anakhoma chitseko, nakhala pansi pakhomo pomwepo kudikira mlamu wake.