Moni wa a Goliati

Wailesi ya pa Nsaru itangotsegulidwa, a Goliati anamata chosinthira cha kawailesi kawo ndi phula kuti ana asamaike kwina. Masiku amenewo inkaika nyimbo za banjo, n'kumawerenga makadi a moni ndi mauthenga a maliro. Kenako anaigula ena, zinangokhala kwaya tsiku lonse. Itagulidwanso, panabwera nyimbo za achinyamata zogunda ngati chigayo. A Goliati ankang'ung'udza posankha fodya, koma phula lija sanamatule.

Atamwalira, mng'ono wawo, a Mateyu, anapalasa njinga kuchokera ku Nambuma kupita ku wailesi ija, kapepala ka uthenga wa maliro kali m'thumba.

"Zamaliro tinasiya kalekale, bambo," anatero mtsikana wolandira alendo. "Zimathawitsa omvera. Pano ndi moni basi."

A Mateyu anakhala kaye pabenchi, miyendo ikuphwanya.

"Ndiye apatseni moniwo. Akumverani zaka makumi awiri."

Masana, adzukulu ali kumanda, a Mateyu anayatsa kawailesi kaja m'chigafa.

"Moni kwa a Goliati a ku Nambuma, mdala wathu. Musasunthe, khalani pomwepo!" anatero muulutsi.

"Sasuntha," anatero a Mateyu, n'kuchotsa mabatire.