Mbale Yopindika ya Amake Doris

Chaka cha 1978 moto unapsereza paini wambiri ku Luwawa, ndipo pofuna munthu woti amugwire, anagwira mwamuna wanga Nason. Iye anali mlonda wa pansanja, ntchito yake kuyang'ana utsi n'kuimba belu. Belu anaimba ndithu, tonse pakomboni tinalimva. Koma masiku angapo m'mbuyomo anali atayankhana ndi a tcheyamani a chipani a nthambi yathu, powafunsa chifukwa chimene anyamata awo ankamenyera anthu panjira ya kumsika. Basi, akuti ndiye wayatsa. Anamutengera ku Mzimba, miyezi inayi n'kutha osaonekera kukhoti, ndipo ine ndikapita ndi chakudya ankandibwezera pageti.

Masiku amenewo sunkadandaula mokweza. Ngakhale kumjigo, ukangoti "koma abale," mnzako ankayamba wacheuka. Pakomboni panali nyumba makumi awiri ndi zitatu, Achewa, Alomwe, Atumbuka, tonse obwerera ntchito ya mitengo, ndipo tinkadziwa kuti mmodzi wa ife amakanena. Ine munthu wake ndinali nditamupeza kale: Marjory NyaShaba. Anali mlongo wawo wa a tcheyamani, ankaseka pafupipafupi, ndiponso mafunso sankamuthera. Kwa ine umboni unali wokwana.

Nzeru yolemba kalata yodandaula ku boma inachokera kwa mayi Beatrice, amene kale ankaphunzitsa ku Manyamula. Amuna akanasaina akanachotsedwa ntchito, choncho tinati tidinda zala ndife amayi. Mawu ake anali ochepa: Nason aweruzidwe poyera, ndipo anyamata aja aleke kumenya anthu.

"Koma dzina loyamba pamndandanda ndilo adzalitenge," anatero Beatrice. "Mbwenu tijambule mzere wozungulira, aliyense adinde m'mbali mwake. Pozungulira palibe woyamba."

Tinali m'nyumba mwanga, ndiye ndinatola mbale yanga yachitsulo n'kuivundikira papepala, Beatrice n'kuzunguliza pensulo. Mbale imeneyi inali yotchuka kuposa mwini wake. Nason anaiponda ndi jombo, n'kupindika m'mphepete mbali imodzi, ndipo pamaliro ikasakanikirana ndi zina anthu ankangoti, "Yopindikayo ndi ya amake Doris." Tonsefe, ndi nzeru zathu zonsezo, palibe anaganizako zimenezi.

Tili mkati modinda ndi mwaye wosakaniza ndi mafuta, Marjory analowa wosaitanidwa. Anawerenga kalata, anadinda chala chake, kenaka anayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Atatuluka ndinauza Beatrice kuti tatha ife.

Kalata inapita ku boma pa lole ya matabwa. Patatha masiku asanu ndi anayi tinamva kuti yabwerera, ndipo ili m'thumba la a tcheyamani. Kuyambira pamenepo moni pakomboni unafupika. Aliyense ankayang'ana mnzake ngati wamubera nkhuku.

Lachinayi m'mawa ndikusesa, Marjory anafika akupuma mofulumira.

"Odi anyina Doris. Ndapota, ndibwerekeniko mbale yanu ija."

"Zanu zatha?" ndinamufunsa.

"Nthawi palibe, amama. Ndibweza sono-sono."

Sanadikire yankho. Anaitenga pathandala n'kuibisa m'chitenje. Ndinapsa mtima. Apa m'pamene ndinakumbukira kupindika kwa mzere uja papepala, ndipo ndinadziwa kumene mbale yanga ikupita. Ndinakasiya Doris kwa Felesta, mnansi wanga, n'kuvala zitenje ziwiri ndi juzi, monga ankachitira anthu oyembekezera kutengedwa. M'mawa wonsewo kuseri kwa nyumba kunkamveka kugogoda, kho kho kho, koma ine za kugogoda ndinalibe nazo ntchito. Chamasana ndinapeza mbale yabwerera pathandala. Ndinati ehe, akaiyeza kale.

Dzuwa litapendeka a tcheyamani anabwera ndi anyamata atatu, n'kutisonkhanitsa amayi tonse pamjigo. Anatambasula kalata pabenchi.

"Mumayesa ndinu ochenjera chomene," anatero. "Mzere uwu ndi wopindika apa. Mwini mbale ndiye mwini kalata. Aliyense akatenge mbale yake yachitsulo."

Tinakatenga. Ndinaima pamzere maso anga ali pa Marjory. Ndinkafuna andione bwino ponditenga.

Iye ndiye anatsogola. "Yambani yanga, adumbu," anauza mlongo wakeyo.

A tcheyamani anaivundikira papepala mongochotsa mwambo. Inakwana, kupindika kwake n'kugwera pamalo pomwepo. Anamuyang'ana Marjory, n'kuikankhira pambali. Anatenga ya Felesta. Inakwana. Ya Bessie, ya Maria, ya Beatrice, chimodzimodzi. Yanga inafika ya khumi ndi chimodzi, ndipo sinasiyane ndi zinzake.

"Izi zapindidwa lero!" anakalipa. "Utoto wachita kusupuka pompano."

Anayamba kufunafuna yomwe chipsera chake chinali chakale. Panalibe. Yanganso Marjory anali ataimenyanso ndi mwala, dzimbiri lonse lija n'kuchoka.

"Wakuuzani ndani kuti ndikubwera kudzayeza mbale?"

Marjory ankangokonza duku lake.

Kutenga mayi mmodzi kunali kosavuta. Koma amayi makumi awiri ndi atatu, mlongo wako ali pomwepo, amuna awo onse ogwira ntchito pamacheka, zinafunika kukafotokozedwa bwino kwa akuluakulu. A tcheyamani anapinda kalata n'kumapita. Patatha milungu itatu Nason anaonekera kukhoti, mboni yoti inamuona akuyatsa moto sinapezeke, ndipo anamutulutsa. Anyamata aja kumenya sanasiyiretu, koma panjira yathu anayamba kudutsa mwaulemu pang'ono. Amene ankakanena zathu sitinamudziwe mpaka lero, ndipo nayenso anapinda mbale yake tsiku lija n'kuima nafe pamzere.

Ndinachita masiku awiri ndisanalimbe mtima kupita kwa Marjory. Ndinamupeza akupeta nyemba. Mlongo wake anali atamutumizira mawu akuti asadzapondenso pakhomo pake, ngakhale pamaliro.

"Yewo, NyaShaba," ndinatero.

"Khalani pansi, anyina Doris," anayankha osaleka kupeta. "Ndinkadziwa kuti mumaganizira ine. Mukandiona kumjigo mumasintha nkhani n'kuyamba za mvula."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinafuna kukana, koma bodza linakanika kutuluka.

"Nanga bwanji simunandiuze m'mawa muja?" ndinafunsa.

Anauzira mankhusu, n'kundiyang'ana.

"Mukanandipatsa mbaleyo?"